Kumbuyo kwa Pikapu pa Msewu wa ku Neno

Amayi anzanga, nkhani ya galimoto ambiri a ife tidaisiya m'manja mwa abambo. Iwo ndiwo amatsutsana pa bawo kapena pakhonde la sitolo kuti yamphamvu ndi iti, yaliwiro ndi iti, ife tili phee kusenda mbatata. Koma taimani tsiku lina m'mphepete mwa msewu wafumbi uliwonse m'dziko muno, muwerenge anthu amene aunjikana kumbuyo kwa pikapu ya matola. Mudzapeza kuti ochuluka ndife amayi: wina mwana ali kumsana, wina wakumbatira dengu la tomato, wina wakhalira thumba la ufa uku atagwira nkhuku miyendo. Abambo galimoto amaidziwira pa chiwongolero, koma ife timaidziwira kumbuyo, kumene kumafika bampu lililonse ndi dontho lililonse la mvula. Motero nafenso tili ndi mawu pa mkangano wa galimoto zakale ndi zatsopano, ndipo malo abwino oweruzira mlandu umenewu ndi ku Neno.

Kwa amene simudafikeko, Neno ndi boma la m'chigawo cha kumwera limene lidapatulidwa ku Mwanza m'chaka cha 2003. Kumadzulo lidachita malire ndi dziko la Mozambique, kumpoto ndi Ntcheu, ndipo kuvuma kuli mtsinje wa Shire. Bomali lili pawiri. Kumunsi, cha ku Zalewa ndi ku Lisungwi, n'kotentha, dziko la milambe ndi mbuzi. Kumtunda, kwa Mfumu Dambe, ndi kumapiri kozizira kumene nthaka yake imabereka mbatatesi, tirigu, nyemba ndi zipatso. Chuma chili kumtunda, ogula ali kumunsi ndi ku Blantyre, ndipo chimene chimawalumikiza ndi msewu wokhotakhota umene anthu a ku Neno akhala akuudandaula kwa zaka zambirimbiri. Chodabwitsa n'chakuti m'boma lomweli mumadutsa njanji yomangidwa m'zaka za m'ma 2010, imene sitima zake zimanyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala. Malasha a eni ake amayenda bwino lomwe, koma mbatatesi ya mayi wa kwa Dambe ndiyo imagona panjira.

Ndidapitako kumapeto kwa mwezi wa Malichi m'chaka cha 2022, nditaitanidwa ndi magulu a amayi olima mbatatesi. Chaka chimenecho mvula idagwa yoopsa, pakuti namondwe wa Ana adawomba mu Januwale, wa Gombe n'kutsatira mu Malichi momwemo, ndipo misewu yafumbi idatsala ngati makwawa. Kuchokera ku Blantyre ulendo udali wosavuta. Minibasi idadutsa pa Lunzu ndi pa Lirangwe, tidawoloka Shire pa Zalewa, n'kukhotera kumanzere pa msewu wa phula wopita ku Mwanza. Za gawo limenelo palibe chokamba. Nkhani idayambira pa mphambano pamene msewu wa ku Neno umapatukira.

Pamenepo ndidapeza pikapu itaima pamthunzi, ikudikira kuti idzaze. Iyenera kuti idali yoyera pa utsikana wake, koma tsopano idali itatenga mtundu wa katondo, ndipo dzina lake lidafufutika kalekale. Kutsogolo idali ndi mpando umodzi wautali wa anthu atatu, basi. Kwina konseko kudali kwa katundu, bodi lalitali kuposa mphasa yoyala, lotchingidwa ndi zitsulo zowotcherera m'mbali kuti anthu azigwirira. Mnyamata wa galimotoyo adalongedza mwaluso. Pansi adasanja matumba a mchere ndi shuga ndi zigubu za mafuta ophikira, pamwamba pake madengu, malata adawamangirira pa zitsulo zija, kenako n'kuyamba kutikhazika ife. Pondiona ine ndi mayi wina wa thupi ngati langa, adati mwaulemu, "Amayi, pepani, inu awiri mukhale apa pamwamba pa matayala." Anthu adaseka, nanenso ndidaseka, koma mnyamatayo sankanyoza. Pikapu imapepuka kumbuyo, ndipo matayala akumbuyo, amene ndiwo amakankha galimoto, akasowa chowapsinja amangozungulira m'matope osagwira pansi. Tsiku limenelo kunenepa kwathu kudapeza ntchito.

Tidayenda bwino kufikira pa dambo lina pamene msewu udasanduka phala. Adalaivala, bambo wa imvi wosalankhulalankhula, adaimitsa galimoto tisadalowe m'matopemo, natsika, napita pa tayala lakutsogolo la kumanja, napotokola kachitsulo kamene kali pakati pake, nachitanso chimodzimodzi kumanzere. Atabwerera pampando adakoka kandodo kakafupi kamene kali pambali pa giya. Ndidafunsa mnyamata uja tanthauzo lake, ndipo adandifotokozera kuti pa msewu wabwino galimotoyo imayenda ndi mphamvu ya matayala awiri akumbuyo okha kuti isamwe mafuta ambiri, koma pakaipa amalumikiza akutsogolonso ku injini kuti onse anayi azikoka pamodzi. Kandodo kaja kamachepetsanso liwiro n'kuwonjezera mphamvu, kotero kuti galimoto imayenda ngati ng'ombe ya pangolo, pang'onopang'ono koma mosabwerera m'mbuyo. Tidalowa m'matopemo injini ikubangula, kumbuyo kukuvina uku ndi uku, amayi akufuula kuti mayo ine, ndipo tidatulukira tsidya linalo popanda wotsika kukakankha. Galimoto zing'onozing'ono zochokera ku Japan zimene zadzaza m'tauni masiku ano sizikadayesa n'komwe, chifukwa mimba zake zili pafupi ndi nthaka.

Kugwedezeka kumeneko kudandikumbutsa galimoto za ubwana wanga, pakuti ndidakulira ku Mwanza komweko. Mfumu ya matola masiku amenewo idali Peugeot 404, galimoto ya ku France imene idayamba kupangidwa m'chaka cha 1960, ndipo ya mtundu wa pikapu idapitirira kulumikizidwa ku Kenya mpaka 1991. Giya yake idali pa chiwongolero, motero kutsogolo kunkatsala malo a munthu wachitatu, ngakhale wachinayi akakhala mwana. Idalibe mphamvu ya matayala onse anayi, komabe inkakwera zitunda itasenza anthu, mbuzi ndi njinga, chifukwa idali yopepuka ndiponso madalaivala ake ankadziwa kusankha popondetsa tayala. Padalinso kapikapu kakang'ono kopangidwa ku South Africa, kamene kadayamba ndi dzina la Datsun mu 1971 n'kudzatha mu 2008 kakutchedwa Nissan 1400. Kameneko kankanyamula theka la tani, ndipo bodi lake lidali lotsika, moti mayi ankatha kukwezamo yekha thumba lake popanda kupempha mwamuna.

Ya boma, ya apolisi ndi ya ku mishoni idali Land Rover. Imeneyi idabadwira ku England m'chaka cha 1948, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha kumene, ndipo popeza chitsulo chidali chosowa, thupi lake adalipanga ndi aluminiyamu, yemweyu wa mapoto athu. N'chifukwa chake mumaona zigoba zake kuseri kwa magalaja zisadachite dzimbiri, ngakhale mafupa ake a pansi, amene adali achitsulo, adadyeka. Mkati mwake mudalibe chosangalatsa: mipando youma, fumbi lolowa ponseponse, phokoso loti simungamvane. Koma mwana akadwala usiku m'nyengo ya dzinja, kulira kwa Land Rover ya ku mishoni ndiko kunkakhazika mtima pansi. Pambuyo pake, nkhondo ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, abale athu othawa kwawo adadzaza m'maboma a m'malire, ena n'kusungidwa pa msasa wa Luwani ku Neno konkuno, ndipo mabungwe owathandiza ankayendera galimoto zoyera za Toyota Land Cruiser. M'kupita kwa zaka Land Rover idanka nichepa m'misewu yathu. Mtundu wake wakale uja, umene kuyambira 1990 unkatchedwa Defender, adaleka kuupanga mu Januwale 2016, ndipo imene idalowa m'malo mwake mu 2020 ndi galimoto ya mabwana, ya mipando yawofuwofu, imene mwini wake sangailole kunyamula thumba la mbatatesi.

Tidafika pa boma la Neno dzuwa litapendeka, zitenje zili matope okhaokha, miyendo itachita dzanzi. Tauni yake ndi yaing'ono: chipatala, maofesi, msika ndi nyumba zobalalika m'zitunda. Pafupi ndi pamene ndidagona padali makaniko wina wogwirira ntchito pansi pa mtengo, zida zake zonse zili m'bokosi limodzi lachitsulo. M'mawa ndikudikira ulendo wa kumtunda ndidacheza naye, ndipo iye ndiye adandifotokozera za kusiyana kwa mkati, kumene ife okwera sitikuona. Adati injini ya dizilo yakale siibisa matenda. Ikatsokomola umamva ndi khutu, ukaona mtundu wa utsi umadziwa chavuta, ndipo sipanala, waya ndi chidutswa cha chubu zimakufikitsa kunyumba. Batire likafooka mumangoikankhira pa mtsetse, iyo n'kulira. Yatsopano imalamulidwa ndi kompyuta imene ili mkati mwake. Mafuta amapopedwa mwamphamvu zedi kudzera m'timabowo tochepa ngati tsitsi, motero imakoka kwambiri, imamwa pang'ono, utsi wake ndi wochepa. Koma madzi kapena kamchenga zikalowa m'dizilo zimatha kuwononga zitsulo za mtengo wa ng'ombe zingapo. Ikadwala imayatsa kanyali patsogolo pa dalaivala, ndipo kuti udziwe chimene kanyaliko kakunena pamafunika makina owerengera amene iye adalibe. Zambiri mwa izo n'zosintha zokha magiya, ndipo zoterozo sizilira ndi kukankha.

Ulendo wa kwa Dambe ndidauyenda m'galimoto yotereyi. Idali pikapu yatsopano ya zitseko zinayi, imene amaitcha twin cab, ya bungwe lina limene antchito ake adandichitira chifundo. Pano ndinene zoona, amayi anzanga, kuti wina asadzati ndikukometsa zakale chifukwa choti ndidakulira nazo. Mkati muja mudali ngati m'chipinda chochezera. Mphepo siinkalowa, lamba adandigwira pachifuwa, ndipo mabampu amene dzulo lake ankandifika m'mano ndinkangowamvera patali. Pofika pa chitunda choterera adalaivala sadatsike kukapotokola kanthu. Adangotembenuza kabatani ndi zala ziwiri, matayala onse anayi n'kuyamba kukoka. Pamalo pena tayala limodzi lakumbuyo lidalendewera m'ngalande likuzungulira pachabe, iwo n'kudina kabatani kena kamene kamamanga matayala awiri akumbuyo kuti azizungulira limodzi, galimoto n'kutuluka ngati palibe chachitika. Pa mphamvu yokwera phiri zatsopanozi zidaposa zakale, ndipo wotsutsa zimenezi ndiye kuti sadakwerepo.

Koma titaima pa mudzi wina kuti titengeko amayi atatu a gulu ndi katundu wawo, ndidazungulira kumbuyo n'kuona kumene kudachokera ulemerero wa mkati uja. Malo a mipando yachiwiri adachita kuwadula ku bodi. Pikapu ya mpando umodzi imakhala ndi bodi lotalika pafupifupi mamita 2.3, pamene la twin cab ndi mita imodzi ndi theka basi. Malata salowamo, bedi salowamo, ndipo matumba owerengeka okha ladzaza. Ndiponso galimoto za masiku ano zidakula msinkhu, moti mpendero wa bodi udandifika pachifuwa. Mkati mudali mutadzaza kale, ndipo mayi wina wachikulire adayesa kawiri kukwera ndi chitenje chake koma adalephera. Anyamata atafuna kumunyamula ngati katundu adakana, akuphimba kumaso ndi manyazi, motero ndidamusiyira malo anga n'kukwera kumbuyo. Kumeneko ndidapeza kuti bampu ndi lomwe lija la dzulo, pakuti pansi pa bodi pakadali masipuling'i a zitsulo zosanjikiza opangidwira katundu wolemera, amene katundu akachepa amakudumphitsa ngati chimanga m'lichero. Chogwirira padalibe, koma kampiringidzo konyezimira kokongoletsera. Pikapu idayamba ngati ngolo ya mlimi yokhala ndi kampando ka woyendetsa, koma zambiri za lero ndi galimoto za banja la bwana zokhala ndi kangolo kumbuyo.

Chapamwamba pang'ono tidapeza ina ya mtundu wina, yatsopano ndithu, itaima pambali pa msewu, mlonda atayala mphasa pansi pake. Tidamva kuti idagona pamenepo masiku awiri. Eni ake mafuta atawathera adagula dizilo wa m'chigubu pa msika wina, ndipo dizilo ameneyo adali ndi madzi. Kanyali kadayaka, injini idafooka, kenako idazima, ndipo ankadikira munthu wa makina kuchokera ku Blantyre. Mlandu sudali wa galimotoyo, pakuti idapangidwira mafuta oyera. Kungoti kumapiri kuno, kumene pampu ya mafuta ili kutali, chigubu ndicho chimathandiza anthu.

Kwa Dambe n'kokongola, amayi. Msewu umayenda pamsana pa mapiri, ndipo ukayang'ana kumadzulo umaona zitunda za ku Mozambique zitandandalikana mpaka kumene maso alekezera, popanda mpanda wokuuza kuti dziko lathu lathera apa. M'mawa nkhungu imakuta zigwa, mphepo yake yolowa m'mafupa, ndipo ana amapita kusukulu atafunda zitenje za amayi awo. Mizere ya mbatatesi imakwera mpaka pamwamba pa phiri ili biriwiri, ina ili ndi maluwa oyera, ina ofiirira. Anthu ake ndi olimbika ndi ochereza. Sindidachoke pakhomo lililonse osadya mbatatesi yowiritsa ndi tiyi. Msewu womwewu ukaupitiriza kumpoto umakakufikitsa ku Tsangano m'boma la Ntcheu, kotchuka ndi mbatatesi ndi kabichi.

Koma m'mphepete mwa msewu ndidaona chimene adandiitanira. Matumba a mbatatesi yoyamba kukumbidwa adali ataunjikidwa pansi pa mitengo, atafunditsidwa udzu, ena atakhala pamenepo sabata yathunthu. Mbatatesi si chimanga choti n'kusunga m'nkhokwe. Ikakumbidwa m'nthaka yonyowa n'kutsekeredwa m'thumba imayamba kutentha, imodzi ikaola imaoletsa zinzake, ndipo fungo lake limakulonjerani muli patali. Malole a matani awiri kapena atatu amene amabwera nthawi ya chilimwe sankafika, chifukwa amakoka ndi matayala akumbuyo okha, ndipo limodzi likatitimira limatseka njira tsiku lonse. Wogula amene wakwanitsa kufika ndi galimoto yokoka ndi matayala anayi ndiye amatchula mtengo, ndipo amadziwa kuti mayi sangakane, pakuti akakana lero mawa ataya. Akuluakulu adati walira mvula walira matope, koma matope a kuno amene amawalipira ndi mlimi.

Madzulo ake tidakhala pabwalo la sukulu ndi amayi a magulu anayi, ndipo nkhani idafika pa funso lakuti, ndalama za banki m'khonde ndi za zokolola zitati zakwana tsiku lina, angagule galimoto yotani. Achinyamata amene adaima chapatali adayamba kutchula zimene amasirira: Prado, Land Cruiser ya V8 yokwera nduna, Ford Ranger yonyezimira. Amayi adawaseka. Mlembi wa gulu lina adafunsa kuti mu Prado mumalowa matumba angati, ndipo padalibe woyankha. Imene onse adaitchula ndi ulemu ndi Land Cruiser ya pikapu, ya mtundu umene udayamba mu 1984 ndipo ukupangidwabe osasintha kwenikweni maonekedwe. Ndi yamakona ngati bokosi, matayala ake akutsogolo adalumikizidwa ndi chitsulo chimodzi cholimba monga zidalili galimoto zakale, ndipo zambiri zimene zili kuno zili ndi injini ya dizilo ya malita 4.2 imene siidalira kompyuta. Maambulansi ambiri a m'maboma akumidzi ndi a banja lomweli. Vuto lake ndi mtengo. Ngakhale yoti yagwira ntchito zaka khumi eni ake saitaya motchipa, chifukwa aliyense wa ku msewu woipa akuifuna.

Ine maganizo anga ndidawauza mosabisa. Gulu la amayi lisathamangire zitseko zinayi. Lifune pikapu ya mpando umodzi, ya bodi lalitali, ya dizilo, yokoka ndi matayala onse anayi, ya giya yosintha ndi dzanja, kaya ndi Toyota Hilux kaya ndi Isuzu, malinga zitsulo zake zikupezeka ku Blantyre ndipo makaniko wa pa boma amaidziwa. Zoterezi zikupangidwabe zatsopano ku South Africa, Hilux ku Durban, Isuzu ku Gqeberha kumene kale tinkati Port Elizabeth, kungoti m'misewu ya m'tauni maso athu adazolowera za zitseko zinayi. Hilux yoyamba idatuluka mu 1968, yokoka ndi matayala anayi mu 1979, motero amakaniko athu adakulira nayo. Ndidawachenjezanso za kulemera. Pikapu zambiri zidapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi, ndiye kuti matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo m'kati mwa tani imeneyo muli dalaivala, mnyamata wake ndi aliyense amene wakwera. Tsono matumba a mbatatesi a kuno, osokerera mutu pamwamba aja, amalemera kuposa pamenepo. Galimoto imene ikusenzetsedwa kawiri mlingo wake tsiku ndi tsiku, kaya ndi yakale kaya ndi yatsopano, masipuling'i ndi mabuleki ake sakhalitsa. Ndipo poti ndalama zogulira sizili pafupi, ndidawapempha kuti ayambe apangana ndi mwini pikapu mmodzi kuti azibwera tsiku lodziwika, magulu onse anayi n'kumakumba mbatatesi dzulo lake, osati kukumba kaye n'kumayang'ana kumsewu.

Pobwerera ndidakwera pikapu ina yakale imene idabwera ndi wogula mbatatesi. Idadzaza mpaka matumba adalingana ndi denga la kutsogolo, ife tili pamwamba pake, pakuti tsiku limenelo galimoto ina kudalibe. Tisadanyamuke adafika mtsikana wa pakati, miyezi yake itakwana, ali ndi apongozi ake, beseni ndi kathumba ka ufa. Poti idali mimba yoyamba adamuuza kuti akakhale kuchidikiro pa boma. Kutsogolo kudali kutakhala kale mwini katundu ndi bambo wina wa jekete amene adalipira mowonjezera. Amayi amene tidali pamwamba tidayang'anana. Mayi wina wa kwa Dambe komweko adatsika, napita pa zenera, nanyonyomala pang'ono, nati, "Bambo, mwanayu akakwera pamwamba apa, mukayankha ndinu kwa amuna ake ndi kwa amfumu." Bamboyo adakhala kaye chete, kenako adatsegula chitseko, nakwera kumbuyo, jekete lake atalipinda pamiyendo. Apa ndiye ndidaikumbukira twin cab ija ndi mtima wina, pakuti ikadakhala iyo, mtsikanayu ndi apongozi ake akadakhala onse mkati, atamanga malamba, popanda wogwadira munthu.

Kutsika phiri ndi galimoto yakale yolemedwa si masewera. Pa mtsetse wautali mabuleki adayamba kununkha ngati mphika wopserera. Adalaivala adaika giya yoyamba, injini ikulira mokweza, ndipo pamalo awiri otsetsereka kwambiri adatitsitsa tonse a kumbuyo kuti tiyende pansi, mnyamata wawo akuyenda pambali pa tayala atanyamula mwala waukulu woti aikepo ikayamba kuthawa. Mabuleki a galimoto zambiri zakale akatentha amafooka, ndipo akanyowa powoloka mtsinje amayamba agwira mochedwa. Zatsopano zili ndi mabuleki osalola matayala kuuma n'kumakhukhuluzika, zili ndi matumba a mpweya otuluka pangozi, ndipo mphuno zake zidapangidwa kuti zizipindika zokha m'malo mothyola anthu a mkati. Zonsezi n'zabwino ndipo zapulumutsa ambiri. Koma kupatula mabulekiwo, zinazo zidapangidwira okhala mkati. Wa kumbuyo, kaya pa yakale kaya pa yatsopano, alibe lamba, alibe denga, ndipo galimoto ikagubuduka iye ndiye amayamba kuponyedwa. Choncho mukakwera matola, amayi, khalani pansi m'kati mwa bodi, osati pampendero miyendo ili kunja. Mwana mum'chotse kumsana mum'fukate kutsogolo, ndipo mukaona kuti katundu wapitirira zitsulo zogwirira, dikirani ina ngati ina ilipo.

Tili pakati pa kuyenda pansi paja idatipeza ambulansi ya Land Cruiser ikuchokera kumtunda, matope mpaka m'magalasi. Idalibe malo, pakuti idanyamula kale odwala ndi owadikirira, motero idangoliza hutala n'kulambalala m'mbali mwa ngalande, mmene pikapu yathu sikadayerekeza kupondamo. Ife tidafika pa boma cha m'ma 4 koloko madzulo. Mtsikana uja tidamutsitsa pa chipata cha chipatala akuyenda yekha, apongozi ake atasenza beseni. Mwini katundu adasolola matumba awiri a pansi kuti aone, ndipo lina lidali litayamba kale kudontha madzi akuda. Adalikhuthulira pambali pa msewu, ana n'kuyamba kusankhamo zabwino, iye akulimbana ndi adalaivala ngati apitirire ku Blantyre usiku womwewo kapena agone kaye, popeza kumwera kudali kutayambanso kuda ndi mvula.